Ndakatulo ya mbalame yotsiriza: ndithandizeni, penapake yandikanika

Tiyamike:
Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikulimbana ndi ndakatulo iyi kwa milungu itatu, mpaka maso anga sakuonanso pomwe palakwika. Inayamba nditamvera mawu ojambulidwa a mbalame ina ya pachilumba cha Kauai ku Hawaii, dzina lake ʻōʻō. Anaijambula mu 1987, ndipo kuchokera chaka chimenecho palibe amene anaimvanso. Usiku umene ndinamvera mawuwo sindinagone tulo. Koma zomwe ndalembazi ndikaziwerenga, sizikundichititsa nthumanzi ngati mmene mbalameyo inandichitira. Nayi:

M'nkhalango ya mvula ya Kauai
mbalame imodzi ikuimba yokha.
Mtima wake wasweka,
misozi ikutsika m'maso mwake,
ikulira mkazi wake wokondedwa.
Anthu ankhanza inu, tamverani!
Mwawononga dziko lokongola.
Tiyeni tonse tigwirane manja,
tisamale chilengedwe chathu.

Musandinyengerere, nenani zoona.

Thoko:
Ine ndi woyamba kufika, ndiye ndinena mwachikondi achemwali: mizere iwiri yomalizayo ndinaionapo pa tisheti.

Tiyamike:
Iii Thoko, ndati musandinyengerere, sindinati mundiphe.

A Nkhoma:
A Tiyamike, zikomo potikhulupirira ndi ntchito yosatha. Ndaphunzitsa ndakatulo kwa zaka zambiri, ndipo ya mtundu uwu ndaiwerenga kambirimbiri, ngakhale olemba ake anali osiyanasiyana. Si kuti ndi yoipa. Vuto lake ndi loti mbalame mulibemo. Yesani chonchi: chotsani mawu oti mbalame, muikepo njovu. Kenaka muikepo nsomba, kapena mtengo. Ndakatulo ikhala chimodzimodzi, palibe mzere umene uti ugwedezeke. Ndiye kuti simunalembe za ʻōʻō, mwalemba za chisoni chanu n'kuchiveka nthenga.

Ndikufunseni: pamene munkamvera mawu aja usiku, chinakugwirani pakhosi n'chiyani kwenikweni? Sindikufunsa zomwe munaganiza pambuyo pake. Ndikufunsa zomwe khutu linamva.

Tiyamike:
Aphunzitsi, funso lanu landiimitsa. Chinali chete. Imaimba pang'ono, kenaka n'kusiya, kenaka n'kuyambanso. Mbalame zimenezi zinkaimba ziwiriziwiri, yaimuna ndi yaikazi mosinthana, ndiye pomwe ikusiyapo umangomva ngati ndi malo a inzake. Ndinadzipeza ndikudikira nawo.

A Nkhoma:
Eya. Ndakatulo yanu ndi imeneyo, ndipo mwailemba mu uthenga uwu, osati pamwamba paja.

Mphatso:
Pepani, ine ndikutsutsa pang'ono. Nthawi zonse pagulu pano munthu akalemba uthenga womveka, timathamangira kunena kuti walalikira. Nanga tikulemberanji? Nkhalango zikutha, nyanja zikuphwa, ife tili kalikiliki kusalaza mizere kuti imveke bwino. Ngati ndakatulo ya zachilengedwe siuza munthu kuti asinthe, ndi yokongoletsera pakhoma basi. Rachel Carson atatulutsa buku lake la Silent Spring mu 1962 sanabise zomwe ankafuna. Ananena mosapita m'mbali kuti mankhwala ophera tizilombo akupha mbalame, ndipo pofika 1972 dziko la America linaletsa kugwiritsa ntchito amodzi mwa mankhwalawo, otchedwa DDT, paulimi. Akanakhala wamanyazi ngati mmene mukufunira, bwenzi zitasintha?

Dalitso:
Achimwene a Mphatso, chitsanzo chanucho chili mbali ya a Nkhoma. Tsegulani bukulo pamutu woyamba. Carson anali wasayansi, anali ndi manambala okwanira kudzaza masamba onse, koma anayamba ndi kankhani kopeka: tauni yosakhalako kwenikweni, komwe m'mawa wina anthu adzuka n'kupeza kuti mbalame sizikuimba. Ndi chete yemweyo amene a Tiyamike akunena. Umboni unabwera pambuyo, wowerenga atamva kale mantha m'mimba.

Ndiponso chomwe anthu ambiri amakumbukira za DDT lero ndi chinthu chaching'ono chogwirika m'manja. Mankhwalawo ankaunjikana m'matupi a mbalame zodya nyama, zigoba za mazira n'kumapyapyala, moti mbalame ikati ikhalire mazira ake imawaphwanya ndi thupi lake lomwe. Izi zinatsimikizika mu 1967, bukulo litatuluka kale. Tangoganizani mbalame ikutsika mosamala pachisa, ikuchita zomwe makolo ake onse ankachita, dzira n'kuphwanyika pansi pake. Pamenepo simufunikanso kulemba kuti anthu ankhanza inu.

Mphatso:
Ndamva. Koma Carson sanathere pa nthanoyo, anatchula mankhwala ndi mayina awo.

Dalitso:
Zoona, ndipo kutchula dzina la mankhwala n'kosiyana ndi kunena kuti tigwirane manja. Choyambacho chimauza munthu chomwe sankadziwa. Chachiwiricho aliyense amavomera, ngakhale amene akugwetsa nkhalango.

Chisomo:
Ndingolowererapo pa mzere wa anthu ankhanzawo, chifukwa pa nkhani ya ʻōʻō funso ndi loti wankhanzayo ndani. Palibe munthu mmodzi amene anapita ndi mfuti kukaimaliza. Chachikulu chinali udzudzu, umene kunalibe ku Hawaii mpaka unafika ndi sitima zapamadzi m'zaka za m'ma 1800. Udzudzuwo unafalitsa malungo a mbalame, ndipo mbalame za kumeneko matupi awo sankawadziwa matendawa. Makoswe ankadya mazira, nkhumba zolowerera zinkafukula nkhalango n'kusiya timaenje tosunga madzi momwe udzudzu unkaswana. Mbalame zinathawira kumapiri kozizira. Kenaka mu 1982 namondwe Iwa anawomba chilumbacho, ndipo yaikazi yomwe inkadziwika sinaonekenso.

Tsono onani mmene zilili zopota. Chomwe chinapha mbalame ya a Tiyamike ndi udzudzu. Chomwe chimapha udzudzu ndi DDT, yemwe uja ankaphwanyitsa mazira. Mpaka lero mayiko ena amaloledwa kupopera DDT m'nyumba polimbana ndi malungo a anthu, ndipo mayi amene mwana wake wapulumuka simungamuuze kuti ndi wankhanza. Wolemba akangothamangira kupeza woipa mmodzi, amataya nkhani yeniyeni.

Thoko:
Ndiye kuti mu ndakatulo muja, m'malo mwa anthu ankhanza tilembe kuti udzudzu wankhanza iwe, tamvera?

Tiyamike:
Thoko usaseke, udzudzuwo ndikuutenga ndithu.

Mayi Nabanda:
Ana inu, ine nkhani yanga ndi ya misozi. Mbalame sigwetsa misozi ya chisoni, ndipo za mtima wosweka sitingadziwe. Komabe sindikufuna kuti tifike poletsa wolemba kulowa m'mutu mwa nyama. Tonse tinakula ndi nthano momwe kalulu amayankhula, fisi amakwatira, kamba amapita kumilandu. Palibe mwana amene anasokonezeka n'kuganiza kuti kalulu amayankhuladi. Ndiye mzere uli pati?

A Nkhoma:
Amayi, funso lanu ndi lakale ngati nthano zomwezo. Ine ndimaona chonchi. Mu nthano, aliyense amadziwa kuti kalulu ndi munthu wovala chikopa cha kalulu. Nkhaniyo ndi ya ife, ya kuchenjera ndi umbombo wathu, nyamayo tangobwereka. Palibe chinyengo. Koma a Tiyamike akufuna kuti tilire mbalame yeniyeni, yomwe inakhalapodi ndi kufa. Akaipatsa misozi ya munthu, ife timalira munthu, mbalameyo n'kusowanso kachiwiri.

Dalitso:
Komanso kubwereka kumeneko kuli ndi mtengo wake. Fisi wa m'nthano ndi wopusa, wamantha, wodya zotsala. Fisi wamawangamawanga weniweni amasaka yekha gawo lalikulu la chakudya chake, amakhala m'magulu akuluakulu momwe aliyense amadziwa malo ake, ndipo aakazi ndi amene amalamulira. Nthawi zambiri mkango ndi umene umalanda nyama ya afisi. Koma mbiri yoipa inamukakamira, moti fisi akaphedwa ndi poizoni ndi ochepa amene amamva chisoni. Olemba tinathandizira nawo zimenezo.

Mayi Nabanda:
Mwandikumbutsa miimba. Ndani analembapo ndakatulo yachikondi kwa muimba? Khosi lopanda nthenga, mutu uli m'mimba mwa nyama yowola.

Chisomo:
Amayi, nkhani ya miimba ya ku India ndi buku lathunthu lomwe likungodikira wolemba. M'zaka za m'ma 1990 miimba inayamba kufa mwaunyinji, mitundu ina inatsika ndi zoposa 95 pa 100 iliyonse, ndipo kwa zaka zingapo palibe amene ankadziwa chifukwa chake. Kenaka zinapezeka kuti ndi diclofenac, mankhwala ochepetsa ululu omwe alimi ankabaya ng'ombe zodwala. Ng'ombe ikafa mankhwala adakali m'thupi, muimba n'kudya nyamayo, impso zake zinkawonongeka m'masiku ochepa. Boma linaletsa mankhwalawa pa ziweto mu 2006. Koma miimba itasowa, mitembo ya ng'ombe inkangokhala pamtunda, agalu olowerera anachuluka, ndipo chiwewe chinapeza njira.

Amene anayambitsa zonsezi ndi mlimi womvera chisoni ng'ombe yake yokalamba. Ndikanati ndilembe nkhaniyi, ndikanayambira pa iyeyo, akusisita ng'ombe pakhosi uku jakisoni akulowa. Wowerenga amukonde kaye.

Mphatso:
Apa ndiye mukundidetsa nkhawa. Ngati aliyense ndi wosalakwa, mlimi, woyendetsa sitima, wopopera mankhwala, ndiye kuti nkhani zathu zizingoti zinachitika basi, palibe wochititsa? Pali makampani odziwa bwino lomwe zomwe akuchita. Pali maboma omwe anasankha. Nyanja ya Aral sinaphwe mwangozi. Kuyambira m'ma 1960 boma la Soviet Union linapatutsa mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya kuti lithirire minda ya thonje, ndipo akuluakulu ena ankadziwa kuti nyanjayo ichepa. Inali imodzi mwa nyanja zinayi zikuluzikulu zapamtunda padziko lonse. Lero ku Moynaq, tauni yomwe inali m'mphepete mwa nyanjayo, maboti ophera nsomba ali gone pamchenga, madzi ali kutali makilomita ambirimbiri. Pamenepo ndisaloze chala?

Chisomo:
Lozani, achimwene. Koma lozani munthu amene ali ndi nkhope, ofesi ndi cholembera, osati anthu onse. Mukati anthu ankhanza, mwaika pamodzi wosaina chikalata ndi msodzi wa ku Moynaq amene boti lake lili pamchenga. Wosainayo amakondwa nazo zimenezo, chifukwa mlandu wa aliyense sugwira munthu.

Mphatso:
Chabwino, pamenepo tagwirizana. Ndipo ndiulule, ndakhala ndikulemba nkhani ya msodzi wotere kwa chaka tsopano. Yandikanika chifukwa nyanja siphwa tsiku limodzi. Nkhani imafuna tsiku lomwe zinthu zasintha, koma apa chaka chilichonse gombe limangosuntha pang'ono, asodzi n'kukumba ngalande yolondola madzi, chaka chinacho n'kuitalikitsa. Ndiyambire pati, ndithere pati? Ndikalemba zaka makumi atatu zonse wowerenga agona.

A Nkhoma:
Limenelo ndiye vuto lenileni la zolemba za mtundu uno, kuposa la kulalikira lija. Ngozi ya galimoto ndi yosavuta kulemba, imachitika m'kamphindi. Kutha kwa chilengedwe kumayenda ngati nkhono, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wowerenga alibe kudekha kumeneko, ndiye wolemba ayenera kudekha m'malo mwake n'kumubweretsera masowo.

Dalitso:
Pali wasayansi wa zansomba, Daniel Pauly, amene mu 1995 anafotokoza chinthu chomwe chingakuthandizeni. Anaona kuti m'badwo uliwonse umatenga zomwe unapeza uli wamng'ono ngati mmene zinthu zimayenera kukhalira. Agogo ankagwira nsomba zazikulu, bambo zocheperapo, mwana tating'ono, koma aliyense amayeza kuchepako kuyambira pa ubwana wake. Palibe amene amaona kutsika konse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Nkhani yopeka imatha kuika anthu atatuwo m'chipinda chimodzi. Musalembe zaka makumi atatu, a Mphatso. Lembani madzulo amodzi: mdzukulu akusewera m'boti la dzimbiri pamchenga, kwa iye ndi malo osewerera basi, sanaonepo madzi pamenepo, ndipo agogo akumuyang'ana. Mwanayo asakhale wachisoni. Azisangalala ndithu. Kusangalala kwakeko ndiko kuti kupweteke.

Mphatso:
Ayi, apa mwandipatsa chinthu. Ndimayesetsa kumuliritsa mwanayo, ndipo ankakana.

Thoko:
Ana a m'nkhani ndi osamvera ngati enieni.

Mayi Nabanda:
Ine ndili ndi kadandaulo kena, ndipo a Tiyamike musakhumudwe. Bwanji timakonda kwambiri nyama yotsiriza? Njiwa ya ku America yotchedwa Martha, yotsiriza ya mtundu wake, inafa pa 1 September 1914 kumalo osungira nyama a ku Cincinnati, ndipo dzina lake likukumbukiridwabe. Koma mtundu wake unali wa mabiliyoni, gulu limodzi likamadutsa thambo linkada kwa maola. Pamene ankazipha n'kumazitumiza m'migolo pasitima ya pamtunda, ndi angati anazilembera ndakatulo? Chipembere Sudan, champhongo chotsiriza cha zipembere zoyera za kumpoto, chitafa pa 19 March 2018 ku Ol Pejeta ku Kenya, dziko lonse linalira. Zatsala ziwiri, Najin ndi mwana wake Fatu, zonse zazikazi. Timadikira kuti itsale imodzi, tiipatse dzina, ndiye tiyambe kulemba. Kulira maliro n'kosavuta, sikutifunsa kanthu. Mbalame yomwe ikuchepa panopa, yomwe idakalipo masauzande, ilibe dzina ndipo ilibe mlakatuli.

Tiyamike:
Amayi, sindinakhumudwe, koma mwandilasa. Ndi zoona kuti mbalame ya ku Kauai ndinaidziwa itafa kale, pomwe zomwe zimalira pawindo langa m'mawa uliwonse sindingathe kuzitchula mayina ngakhale zitatu.

A Nkhoma:
Musadzidzudzule kwambiri. Malizani iyi, chifukwa ndi imene yakugwirani. Yotsatira mukhale pawindopo sabata yathunthu ndi kope, musalembe ndakatulo, muzingolemba zomwe mbalameyo ikuchita: imafika nthawi yanji, imatera pati, imagwira chakudya ndi mlomo kapena ndi phazi. Ophunzira anga ankadana nayo ntchito imeneyi. Mmodzi anabwera tsiku lachinayi ali wokwiya, akuti aphunzitsi mbalame yanu sichita chilichonse. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anabwera ndi masamba atatu onena za mmene imapukutira mlomo pa nthambi, mbali iyi kenaka mbali inayo, ngati munthu wonola mpeni. Mzere umenewo ndimaukumbukira mpaka lero, pomwe ndakatulo zake zina zonse ndinaiwala.

Mphatso:
Komabe ndisiye mawu anga pano kuti alembedwe: tsiku lina ndidzabweretsa ndakatulo yokalipa, yotchula mayina, ndipo musadzandiuze kuti ndiyang'ane mlomo wa mbalame.

A Nkhoma:
Ibweretseni. Mkwiyo sindidana nawo. Ndimadana ndi mkwiyo wosadziwa adiresi.

Tiyamike:
Ndalembanso. Misozi ndachotsa, manja ogwirana ndachotsa, Thoko usangalale.

Kauai, 1987

Tepi ikuzungulira.
Madzi akudontha pamasamba.
Pamwamba, pomwe diso silifika,
iye aimba gawo lake
n'kusiya.

Aimbanso,
n'kusiya pomwe paja.

Wojambula wagwira mpweya.
Pafupi ndi khutu lake
udzudzu umodzi ukulira,
wakhuta.

Iye aimbanso.

Dalitso:
Iyi ndi ina ndithu. Funso limodzi: udzudzuwo ukumveka mu tepi?

Tiyamike:
Ayi, ndauika ndine. Ndalakwa?

Dalitso:
Simunalakwe. Misozi inali bodza lonena za mbalame. Udzudzu ndi chopeka chonena zoona, chifukwa ndi umene unazitha. Kungoti wowerenga amene sadziwa za malungo a mbalame adzangoona udzudzu wamba.

Chisomo:
Asiyeni aone udzudzu wamba. Amene adzafune kudziwa adzafufuza, ndipo akadzapeza adzabwerera ku mzere umenewo. Ine mawu oti wakhuta ndi amene andigwira. Wakhuta magazi a ndani, a wojambula kapena a mbalame? Musayankhe.

Mayi Nabanda:
Ine ndikanachotsa mzere woti wojambula wagwira mpweya. Mukutiuza mmene tiyenera kumvera. Tagwira kale mpweya tokha.

A Nkhoma:
Apo ndisiyana nanu amayi. Munthuyo akufunika, chifukwa popanda iye palibe khutu loti udzudzu ulirepo. Mwina angosintha, m'malo mogwira mpweya achite kanthu ndi manja. A Tiyamike aganizire okha. Koma mutu mwausankha bwino. Boma la America linachotsa mbalameyi pa mndandanda wa zotetezedwa mu 2023, kuvomereza kuti inatha, patapita zaka 36 chijambulireni mawu aja. Chaka chomwe chili pamutucho chikunyamula zonsezo osanena.

Thoko:
Achemwali, kwa ine pafoni ndakatulo yonse yabwera yothithikana. Pakati pa n'kusiya ndi aimbanso pali mpata wa mzere umodzi wokha, ngati ndime wamba. Ndi mmene munafunira?

Tiyamike:
Ayi! Ndinasiya mizere isanu yopanda kanthu pamenepo, ndi inanso isanu pambuyo pa pomwe paja. Ndi malo a yaikazi aja. Pulogalamuyi yameza mipata yonse.

Thoko:
Ndiye yaikazi yasowanso kachitatu.

Tiyamike:
Dikirani, ndiilemba pamanja papepala ndijambule chithunzi. Aphunzitsi, mipatayo ikhale yofanana kutalika, kapena wachiwiri utalikirepo?

A Nkhoma:
Bwererani ku tepi ndi wotchi m'manja, muwerenge masekondi. Mbalameyo ikuuzani.